Kalasi Imene Ophunzira Amakhoza Osamva: Mbiri ya Fizikisi ya Chaka Choyamba ku Koleji

Usiku wa pa 24 Januwale 1764 moto unabuka m'nyumba ya Harvard Hall, ku Cambridge m'dera la Massachusetts. Ophunzira anali ku holide, kunja kukuwomba chimphepo chachisanu, ndipo pomwe kumacha nyumba yonse inali phulusa. Ambiri analira mabuku, poti laibulale ya kolejiyo inali momwemo. Pulofesa John Winthrop analira zina: pampu yochotsera mpweya m'mabotolo, makina opangira magetsi, magalasi oonera nyenyezi ndi zipangizo zina zimene ankaphunzitsira. Anthu akufuna kwabwino anasonkha ndalama, Benjamin Franklin nathandiza kusankha zipangizo zatsopano ku London, ndipo zina mwa izo zikusungidwa ku Harvard mpaka lero.

Zipangizo zokongolazo sizinali za manja a ophunzira. Phunziroli, limene panthawiyo linkatchedwa natural philosophy, linkayenda chonchi: pulofesa amaima kutsogolo, amapukusa makina, kamoto kamathetheka, ophunzira n'kudabwa ali pamipando yawo. Masiku ena onse anali oloweza. Mphunzitsi ankapereka masamba oti akawerenge, mawa lake n'kumaimiritsa mmodzimmodzi kuti abwereze zimene buku lanena. Buku lotchuka kwambiri m'zaka za m'ma 1800 linali la Mfalansa Adolphe Ganot, lotuluka mu 1851 ndi kumasuliridwa m'Chingerezi mu 1863, lodzaza ndi zithunzi za makina amene ophunzira ambiri sanawagwirepo. Zinali ngati kuphunzitsa mwana kuphika nsima pomupatsa mpando kuti azionerera, mthiko uli m'manja mwa amake mpaka tsiku la ukwati wake.

Panali anthu ophunzira bwino amene ankateteza mchitidwewu ndi mtima wonse. Isaac Todhunter, katswiri wa masamu ku Cambridge ya ku England, analemba mu 1873 kuti kuonetsa wophunzira chinthu chimene mphunzitsi wake wamuuza kale n'kutaya nthawi. Maganizo ake anali akuti mphunzitsiyo ndi munthu wodziwa ndi wamakhalidwe, kawirikawiri mbusa, choncho mnyamata womukayikira ndiye ali ndi vuto. Maganizo amenewa sanafe ndi mwini wake. Akadali m'makalasi ambiri, kungoti masiku ano palibe angawalembe m'buku.

Ena ankaona zosiyana. Ku Glasgow, William Thomson, amene pambuyo pake anatchedwa Lord Kelvin, anakhala pulofesa mu 1846 ali ndi zaka 22, natenga chipinda chapansi chimene kale ankasungiramo vinyo n'kuchisandutsa labotale. Ophunzira odzipereka ankamuthandiza kumeneko pa kafukufuku wake. Koma amene anapeza njira yolowetsera kalasi yonse mu labotale, aliyense n'kugwira ntchito ndi manja ake, anali mnyamata wa ku Boston, Edward Pickering, pa sukulu yatsopano ya Massachusetts Institute of Technology (MIT) mu 1869. Iye anali ndi zaka 23.

Vuto la Pickering linali la ndalama, ndipo mphunzitsi aliyense wa sayansi alidziwa. Ngati ophunzira onse achita ntchito imodzi nthawi imodzi, pafunika sikelo, magalasi ndi mabatire okwanira aliyense. Sukulu inalibe ndalama zimenezo. Iye anakonza matebulo, tebulo lililonse n'kuikapo zipangizo za ntchito imodzi yokha, zokhazikika pamenepo, pambali pake pepala lofotokoza zoyenera kuchita. Wophunzira ankalowa, n'kuona tebulo limene wapatsidwa tsikulo, n'kuyamba. Wina akuyeza kulemera kwa chitsulo m'madzi, wina akuwerenga kugwedezeka kwa pendulamu, wina akufufuza pamene galasi limasonkhanitsira kuwala. Tsiku lotsatira ankasinthana. Mapepala aja Pickering anawasonkhanitsa n'kukhala buku la Elements of Physical Manipulation, gawo loyamba mu 1873, lachiwiri mu 1876. Chaka chotsatira anapita kukatsogolera malo ofufuzira nyenyezi a ku Harvard, kumene dzina lake linatchukira, koma ine ndimaona kuti matebulo aja anakhudza anthu ambiri kuposa nyenyezi zonse zimene anaziyeza. Aliyense amene anazungulirapo matebulo mu labotale ya chaka choyamba, kaya ku Zomba kaya ku Lusaka, anayenda m'njira yomweyi.

Ku Germany Friedrich Kohlrausch anatulutsa buku lake la ntchito za mu labotale mu 1870. Ku Cambridge ya ku England labotale ya Cavendish inatsegulidwa mu 1874, ndipo Lord Rayleigh atalowa m'malo mwa James Clerk Maxwell mu 1879, makalasi a ntchito zamanja anakhazikika. Todhunter anagonja pakhomo pake pomwe.

Harvard inachita china chimene chinafika mpaka ku sekondale. Mtsogoleri wake, Charles Eliot, yemwe anali katswiri wa kemisitiri, anafuna kuti mnyamata wofuna malo pa kolejiyo athe kulowa ndi fizikisi ya mu labotale. Anapempha Edwin Hall kuti alembe mndandanda wa zoyesa, ndipo cha mu 1886 ndi 1887 unatuluka, wa zoyesa 40. Wofuna kulowa ankabweretsa kope limene analembamo zotsatira zake, n'kuyesedwanso mu labotale. Masukulu ambiri a ku America anagula zipangizo chifukwa cha mndandanda umenewu. Koma sipanathe zaka 20 aphunzitsi ena, motsogozedwa ndi Charles Riborg Mann wa ku Chicago, anayamba kudandaula kuti ana atopa ndi kuyeza zinthu zimene yankho lake lili kale m'buku, ndi kuti fizikisi yasanduka kudzaza manambala m'mabokosi. Kuloweza kumene kunathamangitsidwa m'kalasi kunali kutapeza malo mu labotale.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, makoleji a ku America anadzaza ndi asilikali obwerera kwawo amene boma linkawalipirira sukulu. Makalasi anakula kufika ophunzira mazanamazana m'holo imodzi. Apa mpamene panabadwa buku lalikulu lolemera lija. University Physics la Francis Sears ndi Mark Zemansky linatuluka mu 1949, la David Halliday ndi Robert Resnick mu 1960. Mabuku awiriwa akusindikizidwabe, ndipo ndondomeko yawo ndiyo ndondomeko ya kalasi ya chaka choyamba pafupifupi dziko lonse: kuyenda kwa zinthu ndi malamulo a Newton, kenako kutentha, mafunde, magetsi ndi maginito, kuwala, ndipo kumapeto kwenikweni mitu ya Einstein ndi ya atomu, imene temu imatha isanafikidwe. Kumapeto kwa mutu uliwonse kuli masamu ambirimbiri. Wophunzira wochenjera amazindikira msanga kuti akhoza kuyambira kumasamuko, n'kubwerera m'mbuyo kukafuna fomula yokhala ndi zilembo zofanana ndi za m'funso.

Mu 1956 Jerrold Zacharias wa ku MIT anayambitsa komiti ya Physical Science Study Committee kuti ikonzenso fizikisi ya ku sekondale. Dziko la Soviet Union litaponya setilaiti ya Sputnik m'mlengalenga pa 4 Okutobala 1957, boma la America linachita mantha n'kutsegula thumba. Komitiyo inatulutsa buku mu 1960, mafilimu, ndi zipangizo zotchipa dala, monga thireyi ya madzi yoonetsera mafunde ndi kachipangizo kodinda timadontho pa riboni ya pepala poyeza liwiro la kangolo. Ku Britain ntchito yofanana nayo inayamba mu 1962 ndi ndalama za Nuffield Foundation. Ana ochokera m'makalasi atsopanowa atayamba kufika ku koleji, aphunzitsi a kumeneko anaona kuti kalasi yawo ya chaka choyamba yatsalira.

Ku California Institute of Technology (Caltech), Matthew Sands ananyengerera Richard Feynman kuti aphunzitse yekha ophunzira atsopano. Feynman anavomera kuchita zimenezi kamodzi kokha. Kuyambira mu Sepitembala 1961 mpaka mu 1963 ankaima kawiri pa sabata pamaso pa ophunzira pafupifupi 180, mawu ake akujambulidwa pa tepi, bolodi lililonse likujambulidwa chithunzi. Sanayambe ndi kangolo kotsetsereka monga mwa mwambo. Tsiku loyamba anafunsa kuti, nzeru zonse za sayansi zitawonongeka n'kutsala chiganizo chimodzi chokha chosiyira mbadwo wotsatira, n'chiganizo chiti chinganyamule zambiri m'mawu ochepa? Yankho lake linali lakuti zinthu zonse n'zopangidwa ndi maatomu, tinthu timene timayenda osapuma, timakokana tikatalikirana pang'ono ndipo timakankhana tikapanikizidwa. Kuchokera pamenepo anafotokoza chifukwa chake madzi amauma m'mbale, mchere umasungunuka, ndi mpweya umatentha ukaupanikiza. Sands ndi Robert Leighton anakonza zonsezi n'kukhala mabuku atatu ofiira, The Feynman Lectures on Physics, amene kuyambira 2013 anayamba kupezeka aulere pa intaneti.

Akatswiri a fizikisi amawakonda mabukuwa mpaka lero. Koma mwini wake, m'mawu oyamba amene analemba mu Juni 1963, ananena poyera kuti poona mmene ophunzira ambiri anachitira pamayeso, sakuganiza kuti anawathandiza bwino. David Goodstein wa pa Caltech pomwepo anasimba kuti ophunzira a chaka choyamba ankacheperachepera m'holoyo, mipando yawo n'kumatengedwa ndi aphunzitsi ndi ophunzira a digiri zapamwamba, ngakhale kuti Sands anatsutsa zimenezi. Chimene chimandikhudza n'chakuti munthu wofotokoza bwino chotere, pamaso pa ana osankhidwa mwa osankhidwa, anafika ponena kuti kufotokoza pakokha sikukwanira, ndi kuti kuphunzira kwenikweni kumachitika pamene wophunzira akukambirana ndi kulimbana ndi nkhaniyo yekha.

Feynman anali atazionapo kale zimenezi ku Brazil, kumene anaphunzitsa mu 1951 ndi 1952. Ophunzira ake ankatha kutchula pamtima lamulo la mmene kuwala kumasinthira kukagunda pamwamba pa chinthu choonekera mkati, koma atawauza kuti ayang'ane pa windo kuwala konyezimira pa madzi a m'nyanja, palibe anazindikira kuti lamulo lija likunena za madzi omwewo. Amene tinaphunzira Physical Science ku sekondale za ku Malawi ndi buku la Keith Wallis, Chanco Physical Science for Malawi, nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Bukulo linali ndi zoyesa zambiri, koma m'masukulu opanda labotale zoyesazo zinkalowezedwa, zipangizo zake, masitepe ake ndi zotsatira zake zomwe, ndipo anthu ankakhoza.

Kwa zaka pafupifupi 100 mkangano wonsewu unkayendera zimene mphunzitsi aliyense waona m'kalasi mwake. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akatswiri ena anayamba kufufuza ophunzira awo monga mmene amafufuzira china chilichonse. Ku University of Washington, Arnold Arons ndi Lillian McDermott ankakhala pansi ndi wophunzira mmodzimmodzi, n'kumupatsa zinthu zosavuta, monga mabatire, mababu ndi mawaya, kapena timipira tiwiri togubuduka, n'kumufunsa kuti chichitike n'chiyani ndipo chifukwa chiyani. John Clement wa ku University of Massachusetts anafunsa ophunzira uinjiniya funso la ndalama yachitsulo: waiponya m'mwamba, yachoka m'dzanja, ikukwera, ndi mphamvu ziti zikuigwira? Malinga ndi Newton, tikachotsapo mpweya, pali imodzi yokha, kukoka kwa dziko, yoloza pansi. Ophunzira ambiri anajambula mivi iwiri. Wachiwiriwo unaloza m'mwamba, ndipo ankati ndi mphamvu ya dzanja imene ndalamayo yanyamula, imene imatha pang'onopang'ono mpaka ndalama iime n'kuyamba kugwa.

Ganizo limeneli si la uchitsiru. Jean Buridan ankaphunzitsa zofanana nalo ku Paris m'zaka za m'ma 1300, ndipo anthu anzeru analikhulupirira kwa zaka mazana. Munthu aliyense amakula akukankha zinthu zimene zimaima akangosiya kukankha. Amafika ku koleji ali kale ndi fizikisi yakeyake, yomangidwa ndi zaka 18 za kuponya miyala ndi kupalasa njinga, ndipo maphunziro a temu imodzi sayigwetsa. Amangoikapo ya Newton pambali, yogwiritsa ntchito pa tsiku la mayeso.

Ibrahim Halloun ndi David Hestenes a ku Arizona State University anasonkhanitsa maganizo oterewa n'kupanga mayeso osankha yankho, opanda masamu. Mu 1985 anafalitsa zotsatira: ophunzira ankakwera pang'ono chabe pakati pa chiyambi ndi mapeto a kosi, ndipo zinalibe kanthu kuti pulofesa wawo anali wotani, wokondedwa kapena wogonetsa tulo, wokonda masamu kapena wokonda zoonetsa. Mu 1992 Hestenes, pamodzi ndi Malcolm Wells ndi Gregg Swackhamer, anatulutsa mayeso okonzedwanso otchedwa Force Concept Inventory. Lero ali ndi mafunso 30. Pulofesa akawaona koyamba amati ndi osavuta kwambiri moti kuwapereka kwa ophunzira ake kungakhale kuwanyoza.

Eric Mazur, Mdatchi wophunzitsa ku Harvard kuyambira 1984, anaganiza chimodzimodzi. Kalasi yake inali ya ofuna kudzakhala madokotala, ndipo kumapeto kwa temu ankamuyamikira kwambiri. Mu 1990 anawerenga za Halloun ndi Hestenes n'kunena mumtima kuti zimenezo ndi za kwina. Anapereka mayesowo. Asanapite patali mtsikana wina anakweza dzanja n'kufunsa kuti ayankhe bwanji, monga mmene anawaphunzitsira kapena monga mmene iye amaganizira. Funso lina linali la chilole ndi kagalimoto kakang'ono zitawombana: ndi iti ikukankha inzake mwamphamvu kwambiri? Ophunzira onse ankatha kutchula lamulo lachitatu la Newton, lonena kuti mphamvu ziwirizo n'zofanana. Ambiri anasankha chilole. Pambuyo pake Mazur anayamba kuika mafunso awiriawiri pamayeso ake. Lina linali la masamu ovuta a mawaya ndi mabatire, lina longofunsa kuti mababu awala bwanji switchi ikatsekedwa. Ambiri ankakhoza lovutalo n'kulephera losavutalo.

Monga amasimbira mwini wake, njira yatsopano anaipeza atasowa chochita. Anafotokoza funso lina pa bolodi kawiri, nkhope za ophunzira zili gwa. Anadziwa kuti pafupifupi theka anali atalikhoza, choncho anawauza kuti akambirane okhaokha. Holo yonse inadzaza phokoso, ndipo m'mphindi zochepa anagwirizana pa yankho lolondola. Iye anazindikira kuti wophunzira amene wangomvetsa kumene amakumbukirabe pamene panamuvuta, pamene pulofesa anaiwala kalekale kuti pali povuta. Kuyambira 1991 kalasi yake inasintha. Ophunzira amawerenga asanabwere, iye amafotokoza mwachidule, n'kuponya funso limodzi, aliyense amavota payekha, kenako amatembenukira kwa mnzake amene wasankha zosiyana n'kuyesa kumugonjetsa ndi mfundo, n'kuvotanso. Buku lake la Peer Instruction linatuluka mu 1997. M'makalasi otsatira njira imeneyi, ena amavota ndi timakina, ena ndi makadi olembedwa A, B, C, D, ena ndi zala pachifuwa kuti oyandikana nawo asaone.

Mu 1998 Richard Hake wa ku Indiana University anasonkhanitsa zotsatira za makosi 62, ophunzira 6,542. Anayeza kuti mwa malikisi amene kalasi inkaperewera poyamba, ndi angati amene inawapeza pomaliza. Makosi 14 ophunzitsidwa mwachizolowezi anapeza pafupifupi 23 pa 100 alionse. Makosi 48 amene ophunzira ankakambirana ndi kugwira ntchito m'kalasi anapeza pafupifupi 48 pa 100. Mu 2014 Scott Freeman ndi anzake anaphatikiza kafukufuku 225 wa maphunziro a sayansi, uinjiniya ndi masamu, napeza kuti olephera anali pafupifupi 34 pa 100 m'makalasi ongomvera ndi 22 pa 100 m'makalasi ogwira ntchito. Manambala amenewa ndi anthu. Kalasi ya fizikisi ya chaka choyamba ndi chipata cholowera ku uinjiniya ndi udokotala, ndipo aliyense wobwezedwa pamenepo amapita kwawo akukhulupirira kuti mutu wake ndi umene uli wolakwa.

Wina angaganize kuti umboni woterewu unathetsa nkhani. Ayi ndithu. MIT itayamba mu 2001 kusamutsa fizikisi ya chaka choyamba kuichotsa m'holo yaikulu kupita m'chipinda cha matebulo ozungulira a anthu 9, motsogozedwa ndi John Belcher, ophunzira ena anasaina kalata yokana. Mu 2019 Louis Deslauriers ndi anzake ku Harvard anaphunzitsa magulu awiri mitu yomweyo, lina mongomvera kwa mphunzitsi wolankhula bwino, lina mogwira ntchito. Ogwira ntchito anakhoza bwino mayeso, koma atafunsidwa anati aphunzira zochepa. Ongomvera anatuluka okhutira. Kumvetsera munthu wodziwa kufotokoza kumakoma, ndipo kukomako n'kumene timakusokoneza ndi kumvetsa. Kafukufuku wa mu 2018 amene anaonerera makalasi a sayansi oposa 2,000 ku America ndi Canada anapeza kuti pafupifupi 55 pa 100 akadali a mphunzitsi kulankhula yekha.

Labotale nayo inafufuzidwa. Natasha Holmes, Carl Wieman ndi anzawo anayerekezera ophunzira amene anachita labotale yachizolowezi ndi amene sanachite, ndipo mu 2017 anapeza kuti pamayeso a zimene labotaleyo imayenera kulimbikitsa panalibe kusiyana kooneka. Sananene kuti labotale itsekedwe. Anati ipatsidwe ntchito yake yeniyeni, yophunzitsa munthu kuyeza, kukayikira muyeso wake, ndi kusankha yekha chochita kenako.

Chitsanzo chimene Holmes ndi Doug Bonn anagwiritsa ntchito ku University of British Columbia ndi pendulamu. Fomula ya m'buku la chaka choyamba imasonyeza kuti nthawi imene pendulamu imatenga kupita ndi kubwera sidalira kuti waikokera patali bwanji. Ophunzira amauzidwa kuti ayerekezere madigiri 10 ndi madigiri 20. Poyamba amapeza kuti n'zofanana, monga ankayembekezera. Kenako amauzidwa kuti apeze okha njira yoyezera bwino kuposa apo, n'kubwerezanso. Ena amazindikira kuti m'malo moyeza ulendo umodzi akhoza kuwerenga maulendo ambiri n'kugawa, ndipo akatero kusiyana kumayamba kuonekera. Ambiri amayamba aganiza kuti alakwitsa iwo, poti buku silingalakwe. Koma fomula ija ndi yongoyandikira, yogwira bwino pamene pendulamu yakokedwa pang'ono. Chingwe cha mita imodzi chimatenga pafupifupi masekondi awiri kupita ndi kubwera, ndipo pa madigiri 20 chimachedwerako ndi kachigawo kamodzi mwa 100 ka sekondi poyerekeza ndi pa madigiri 10. Pa ulendo umodzi chala cha munthu sichingagwire kusiyana kumeneko. Pa maulendo 50 kumafika cha pa theka la sekondi, ndipo wotchi ya pa foni imaonetsa. Zofunika pa ntchito yonseyi ndi chingwe, mwala, msomali, ndi mphunzitsi wololera kuti kalasi ithe ola lonse pa funso limodzi osawauza yankho.